Johannes Gutenberg, Mmisiri Amene Anasula Zilembo

Inu amene mukuwerenga nkhani iyi, tayang'anani bwino zilembo zili patsamba lino. Sankhanipo chimodzi, tinene a. Chipezeni pamzere woyamba, muchipezenso pamzere wachitatu. Mwaonatu? N'zofanana ndendende, ngati njerwa zoumbidwa m'chikombole chimodzi. Dzanja la munthu silingalembe choncho. Ngakhale mphunzitsi waluso akalemba a kakhumi pabolodi, china chimatuluka chonenepa, china choonda, china chopendekeka.

Kufanana kumeneku kunachokera kwa amisiri a zitsulo. Mmodzi mwa iwo, amene dziko lonse limamukumbukira, ndi Johannes Gutenberg. Anamwalira zaka zoposa 550 zapitazo. Zida zake zinali zonga zimene mumaona kwa wosula makasu ndi nkhwangwa: moto wamakala, mvukuto, nyundo ndi tupa.

Mabuku asanachuluke

Kale ku Ulaya buku lililonse linkalembedwa pamanja. Mlembi ankakhala pansi ndi nthenga ya mbalame ndi inki, n'kumakopera liwu ndi liwu. Kuti amalize Baibulo limodzi, chaka chinkatha ntchito isanathe. N'chifukwa chake mabuku anali odula kwambiri. Ankapezeka m'matchalitchi, m'masukulu aakulu ndi m'nyumba za anthu olemera basi.

Ena anayesa kusema tsamba lathunthu pathabwa, n'kulipaka inki, n'kudinda papepala. Zinkatheka ndithu, koma thabwa limodzi linkagwira ntchito ya tsamba limodzi lokha. Ukalakwitsa chilembo chimodzi, thabwa lonse lawonongeka.

Anthu a ku Asia anali patsogolo pankhani imeneyi. Ku China, cha m'ma 1040, munthu wina dzina lake Bi Sheng ankaumba zilembo zadothi, chilichonse pachokha, n'kuziotcha pamoto. Ku Korea, m'chaka cha 1377, anasindikiza buku lotchedwa Jikji ndi zilembo zachitsulo. Tsono Gutenberg sanali woyamba padziko lonse. Chimene iye anachita ndi kupeza njira yopangira zilembo zambirimbiri, mofulumira, zofanana msinkhu, n'kupezanso inki ndi makina oyenerana nazo.

Kwawo ndi ubwana wake

Gutenberg anabadwa cha m'ma 1400 mumzinda wa Mainz, m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, m'dziko limene lero ndi Germany. Bambo ake anali a Friele Gensfleisch, mayi ake anali a Else Wirich, mwana wa munthu wa sitolo. Dzina loti Gutenberg linali la nyumba imene banjali linkakhalamo. Masiku amenewo nyumba za mumzinda zinkadziwika ndi mayina, ndipo anthu ankatchulidwa ndi dzina la nyumba yawo.

Bambo akewo anali m'gulu la mabanja olemera amene ankayendetsa za nyumba yosulira ndalama ya bishopu wamkulu wa ku Mainz. Kodi ndalama ankazisula bwanji? Mmisiri ankasema chithunzi kumapeto kwa chitsulo cholimba. Akatero ankachiika pa kachidutswa ka siliva kapena golide, n'kumenya ndi nyundo. Chithunzi chija chinkatsalira pandalama. Chitsulo chimodzi chinkadinda ndalama zambiri zofanana. Musaiwale zimenezi, chifukwa tikumana nazonso kutsogoloku.

Mumzinda wa Mainz munali mikangano pakati pa mabanja olemera ndi magulu a amisiri. Ankalimbirana ulamuliro ndi misonkho, ndipo kangapo konse mabanja olemera ankasamuka mumzindamo. Bambo ake a Gutenberg anamwalira mu 1419. Pofika 1434, iye anali akukhala ku Strasbourg, mzinda wina wa m'mbali mwa Rhine, umene lero uli m'dziko la France.

Malonda a magalasi

Ku Strasbourg, Gutenberg ankaphunzitsa anthu luso, iwo n'kumamulipira. Munthu wina dzina lake Andreas Dritzehn anamuphunzitsa kusalaza miyala yamtengo wapatali. Mu 1438 anachita mgwirizano ndi anthu atatu: Dritzehn yemweyo, Hans Riffe ndi Andreas Heilmann. Anasonkha ndalama kuti apange timagalasi tating'ono togulitsa kwa anthu opita ku ulendo wachipembedzo mumzinda wa Aachen. Ulendowu unkachitika kamodzi pa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kunkafika khamu lalikulu.

Iwo ankayembekezera kuti ulendo uchitika mu 1439. Kenaka zinadziwika kuti uchitika mu 1440. Katundu anakhala m'nyumba, ndalama zili momwemo. Mlimi amene anakumbapo mbatata ya kachewere, n'kuiunjika pamsewu, galimoto osabwera, akudziwa mmene mtima umawawira.

Apo anzake aja anazindikira kuti Gutenberg ali ndi luso lina limene ankabisa. Anamupempha kuti awaphunzitse. Anapangana pangano latsopano la zaka zisanu, n'kuonjezera ndalama. M'panganomo munali mfundo yoti wina akamwalira, abale ake adzalandira ndalama zokwana magulden 100, koma sadzalowa m'gulu. Gulden inali ndalama yagolide ya nthawi imeneyo.

Kumapeto kwa 1438, Andreas Dritzehn anamwalira. Abale ake awiri anafuna kulowa m'malo mwake. Gutenberg anakana, iwo n'kukamusumira. Mu 1439 bwalo linaweruza mokomera Gutenberg, chifukwa mfundo za pangano zinali zolembedwa ndipo mboni zinavomereza. Popeza malemuyo anali ndi ngongole ya magulden 85 kwa Gutenberg, abale aja analandira 15 yokha. Pamlanduwu mboni zinatchula za makina opanikizira amene mmisiri wa matabwa, Konrad Saspach, anapanga. Zinatchulanso za mtovu umene gululi linkagula. Apa m'pamene timayamba kuona fungo la ntchito yosindikiza.

Kasulidwe ka chilembo

Tsopano tiyeni tione njira imene imadziwika ndi dzina la Gutenberg, imene amisiri a zilembo anaitsata kwa zaka pafupifupi 400. Werengani pang'onopang'ono, pali masitepe anayi.

Poyamba mmisiri amatenga kachitsulo kotalika ngati chala. Kumapeto kwake amasemako chilembo chimodzi ndi tupa ndi timipeni tating'ono. Chilembocho amachisema chotembenuka, ngati mmene chimaonekera pagalasi. Akafuna kuona ngati chakhala bwino, amachiyandikiza pa lawi la nyale kuti chide ndi mwaye, n'kuchidinda papepala. Akakhutira, amachiotcha mpaka kufiira, n'kuchiviika m'madzi kuti chilimbe. Wosula nkhwangwa amachitanso chimodzimodzi.

Chachiwiri, amatenga kachidutswa ka mkuwa, kamene ndi kofewa kuposa chitsulo. Amaimika chitsulo chija pamkuwapo, n'kumenya ndi nyundo. Pamkuwa pamatsala kadzenje kooneka ngati chilembo. Paja tinanena za ndalama? Nzeru yake ndi yomweyo. Kenaka amapala mkuwawo ndi tupa kuti kadzenjeko kakhale kowongoka, kakuya moyenera.

Chachitatu, mkuwa uja amauika pansi pa chikombole chogwira m'manja. Chikombolechi chili ndi mbali ziwiri zachitsulo zimene zimasendezeka, ndipo kunja kwake n'kokutidwa ndi thabwa kuti mmisiri asapse. Kusendezekako n'kofunika kwambiri. Chilembo i n'chopyapyala, m n'chachikulu m'mbali. Chikombole chimapanikizika pa i, chimatanuka pa m, koma msinkhu wa zilembo zonse umakhala umodzi. Chilembo chimodzi chikatalika kuposa zinzake, chimaboola pepala. Chikafupika, sichioneka n'komwe.

Chachinayi, mmisiri amatunga chitsulo chosungunuka ndi kasupuni, n'kuthira m'chikombole. Nthawi yomweyo amagwedeza dzanja mwamphamvu kuti chitsulocho chilowe m'makona onse a kadzenje. Chimauma pompo. Amatsegula chikombole, chilembo n'kugwa. Amathyola kamchira kotsala, n'kupala m'mbali pamwala kuti musalale. Mmisiri wozolowera ankatha kupanga zilembo masauzande angapo tsiku limodzi.

Amene munaonapo amisiri oumba mapoto a aluminiyamu mumchenga, mukudziwa kuti chikombole chamchenga chimaphwanyidwa poto aliyense akatuluka. Chikombole cha zilembo sichiphwanyidwa. Umangosintha kamkuwa kapansi, a n'kuchotsa, b n'kuikapo, ntchito n'kupitirira.

Nanga chosungunulacho chinali chiyani? Anasakaniza zitsulo zitatu. Choyamba ndi mtovu, umene ndi wotchipa ndipo umasungunuka pa madigiri 327, moto wamakala umakwana. Koma mtovu pawokha ndi wofewa, ungaphwanyike pamakina. Ndiye anaonjezera antimoni kuti chilembo chilimbe ndiponso m'mphepete mwake mukhale mwakuthwa. Anaonjezeranso tini kuti zosungunukazo ziziyenda bwino m'chikombole.

Kuchoka pa chilembo kufika pa tsamba

Taonani dzina lakuti Chidzolomondo. Lili ndi zilembo 13. Chilembo o chilimo kanayi, d chilimo kawiri. Wosindikiza amatola zilembo zimenezi chimodzichimodzi m'bokosi la timagawo, n'kuzindandalika. Akamaliza kusindikiza amazimasula. Zilembo zomwezo mawa zilemba ndodo, mkuja zilemba dzino kapena mono. Eetu, chuma chonse cha njirayi chagona pamenepa. Zilembo zochepa, mawu osawerengeka. Inunso pophunzira kuwerenga mwadutsa njira yomweyi: munayamba ndi zilembo, n'kupanga maphatikizo, kenaka mawu.

Inki ya alembi inali yamadzimadzi, pachitsulo inkangoyenderera. Gutenberg anapanga inki yamafuta, yokhuthala, yakuda bii, yomata pachitsulo. Mpaka lero masamba ake akadali akuda mowala. Inkiyo ankaipaka ndi timipira tachikopa tokhala ndi chogwirira. Pepala ankalinyowetsa pang'ono kuti lilandire bwino inki. Makina opanikizira anatengera nzeru ya makina ofinyira mphesa, amene anali ofala m'dera lakwawo. Unali mtengo waukulu wozungulira ngati bawuti, umene ukapotokola umatsitsa thabwa n'kupanikiza pepala pa zilembo.

Baibulo la mizere 42

Pofika 1448, Gutenberg anali atabwerera ku Mainz. Chaka chimenecho anakongola magulden 150 mothandizidwa ndi mbale wake, Arnold Gelthus. Koma ntchito imene ankaifuna inali yaikulu. Pankafunika zitsulo, mapepala, zikopa, nyumba ndi malipiro a antchito, buku lisanagulitsidwe ngakhale limodzi.

Cha m'ma 1450 munthu wina wachuma, Johann Fust, anamukongoza magulden 800 pa chiwongoladzanja cha 6 pa 100 iliyonse. Chikole chake chinali zida zimene Gutenberg akanapanga ndi ndalamazo. Patapita zaka ziwiri, Fust anaikanso magulden 800 ena, tsopano ngati mnzake pa ntchito ya mabuku. M'gulu la antchito munali Peter Schoeffer, mnyamata amene kale anali mlembi wa mabuku ku Paris.

Ku Mainz kunayamba kutuluka tinthu tating'ono tosindikizidwa, monga kabuku kophunzitsira Chilatini ka Donatus ndi zikalata za tchalitchi za mu 1454 ndi 1455. Koma ntchito yaikulu inali Baibulo la Chilatini. Tsamba lililonse linali ndi madanga awiri, ndipo masamba ambiri anali ndi mizere 42. Masamba osindikizidwa anali 1,282, omangidwa m'mabuku awiri. Tsamba limodzi linkadya zilembo zoposa 2,000. Pofuna kuti lioneke ngati lolembedwa ndi mlembi waluso, anapanga mitundu ya zilembo ndi zizindikiro pafupifupi 290. Anasindikiza Mabaibulo pafupifupi 180, ambiri papepala, ena pachikopa cha ana a ng'ombe. Zilembo zikuluzikulu zamitundumitundu ankazijambula pamanja pambuyo pake.

Mkulu wina wa tchalitchi, Enea Silvio Piccolomini, amene pambuyo pake anakhala Papa Pius II, anaona masamba ena a Baibuloli ku Frankfurt. M'kalata yake ya mu March 1455 anasimba kuti zilembo zake zinali zooneka bwino moti munthu akanawerenga osavala magalasi, ndiponso kuti ogula anali atapezeka kale mabuku asanathe. Lero Mabaibulo 49 mwa amenewa akadalipo, ena athunthu, ena operewera masamba.

Mlandu wa ngongole

Ntchito itafika kumapeto, ubale wa Gutenberg ndi Fust unasokonekera. Fust anakasuma kuti Gutenberg sankalipira chiwongoladzanja, ndiponso kuti ndalama zina anazigwiritsa ntchito pa zinthu zosakhudza mgwirizano wawo. Anafuna magulden 2,026, kuphatikiza ngongole ndi chiwongoladzanja. Chikalata cha mlanduwu, cholembedwa pa 6 November 1455, chikadalipo. Bwalo linalamula kuti Gutenberg aonetse mmene ndalama zinayendera, ndipo zimene sizinapite ku ntchito ya onse awiri abweze.

Zitatha izi, zilembo za Baibulo lija zinakhala m'manja mwa Fust ndi Schoeffer. Awiriwa anapitiriza ntchito, ndipo pa 14 August 1457 anatulutsa buku lokongola la Masalimo. Kumapeto kwake analembako mayina awo ndi tsiku. Pambuyo pake Schoeffer anakwatira mwana wa Fust. Koma dzina la Gutenberg silipezeka pa buku lililonse limene iye anasindikiza.

Tisafulumire kunena kuti Fust anali wakuba. Popanda ndalama zake Baibulo lija silikanatuluka, paja mutu umodzi susenza denga. Koma onani mmene pepala linagwirira ntchito pa moyo wa munthu mmodzi. Ku Strasbourg pangano lolembedwa linamupulumutsa. Ku Mainz pangano lolembedwa linamulanda zida. Inunso mukamatenga feteleza kapena mbewu pangongole, pepala lija musanasaine muziliwerenga. Chikole n'chiyani? Chiwongoladzanja n'chingati? Kubweza n'liti? Mbewu ikakanika, chichitike n'chiyani? Pamene simukumva, funsani, ndipo musachite manyazi kuwerenga kawiri.

Ukalamba ndi imfa

Mu 1462 ku Mainz kunabuka nkhondo. Anthu awiri, Diether von Isenburg ndi Adolf von Nassau, ankalimbirana udindo wa bishopu wamkulu. Pa 28 October asilikali a Adolf analowa mumzinda. Anthu mazanamazana anaphedwa, ambiri anathamangitsidwa, katundu analandidwa.

Mu January 1465, Adolf yemweyo analemekeza Gutenberg pomuika m'gulu la anthu a kunyumba yake. Chaka chilichonse ankalandira zovala, tirigu ndi vinyo, ndipo anamuchotsera misonkho ina. Motero ukalamba wake sunali wopemphetsa. Anamwalira pa 3 February 1468, n'kuikidwa m'tchalitchi cha Afransisko ku Mainz. Tchalitchicho chinagwetsedwa pambuyo pake, manda ake n'kutayika. Zithunzi za nkhope yake zimene mumaona m'mabuku zinajambulidwa iye atamwalira kalekale, ojambulawo anangoganizira.

Mmene luso linafikira kwathu kuno

Anthu amene anaphunzira ntchitoyi anabalalika ndi zikombole zawo. Makina osindikizira anafika ku Venice mu 1469, ku Paris mu 1470, ku England mu 1476. Ku Portugal, buku linasindikizidwa mumzinda wa Faro mu 1487. Pofika 1500, mizinda yoposa 200 ya ku Ulaya inali ndi makina, ndipo mabuku anali atafika mamiliyoni. Mtengo wa buku unatsika, anthu wamba anayamba kufuna kuphunzira kuwerenga.

Mu 1624 ku Lisboa anasindikiza katekisimu wa Chikongo, chilankhulo cha ku Congo ndi Angola chimene ndi chachibale ndi chathu. Kuno ku Mozambique makina oyamba anafika ku Ilha de Moçambique mu 1854, ndipo pa 13 May chaka chomwecho boma linatulutsa nyuzipepala yake yoyamba. Baibulo lathunthu la Chinyanja, Buku Lopatulika, linatuluka mu 1922. Lero makina ambiri amayendera kompyuta, zilembo zamtovu zinatsala m'malo ochepa. Komabe zilembo za pafoni yanu zimatsata nzeru yomwe ija: chilembo chimapangidwa kamodzi, n'kumabwerezedwa kosatha.

Yesani kunyumba, koma osati ndi mtovu

Mwina wina wayamba kale kuganiza zophwanya batire lakale la galimoto kuti asungunule mtovu. Chonde musatero. Mtovu ndi poizoni. Utsi ndi fumbi lake zikalowa m'thupi zimaononga ubongo, impso ndi magazi. Ana aang'ono ndi amayi oyembekezera ndiwo amavulala kwambiri, ndipo mwana amene mtovu wamulowa amavutika kuphunzira. Poto amene mwasungunuliramo mtovu saphikiranso chakudya. Madzi a m'batire nawo amaotcha khungu ndi maso.

Pali njira yabwino yoonera nzeru ya Gutenberg ndi manja anu. Tengani mbatata ya kachewere yaikulu, muidule pakati. Pamalo odulawo jambulani chilembo, n'kusema m'mbali mwake ndi mpeni kuti chilembocho chitsale chotukuka. Palani mwaye wa kunsi kwa poto, musakanize ndi timadontho ta mafuta ophikira. Pakani pachilembo, dindani papepala. Dothi loumbira mbiya nalonso limatheka, mukaliumitsa bwino.

Yambani ndi A, M, O ndi T, chifukwa zimenezi ngakhale zitembenuke zimaoneka chimodzimodzi. Ndi zinayi zomwezi mudinda MOTO, TAMA ndi ATATA. Kenaka semani b mmene mumalembera masiku onse, mudinde. Papepala patuluka d. Mukasema p patuluka q. Amene b ndi d zimakusokonezani, masewera amenewa akuthandizani kuzisiyanitsa. Mukatero semani zilembo za dzina lanu, chilichonse chotembenuka, muzidinde motsatana kuyambira kumanzere. Itanani ana adzathandize, iwonso adinde mayina awo.

Mafunso okambirana pagulu

1. Gutenberg anabadwira mumzinda uti, ndipo anamwalira chaka chanji?
2. Tchulani zitsulo zitatu zimene ankasakaniza popanga zilembo. Chilichonse chinali ndi ntchito yanji?
3. N'chifukwa chiyani zilembo zonse zimayenera kukhala za msinkhu umodzi?
4. Pa mlandu wa Fust ndi Gutenberg, inu mukanaweruza bwanji? Fotokozani chifukwa chake.
5. Ndi mawu ena ati amene mungapange ndi zilembo za m'dzina la mudzi wanu? Alembeni m'kope, mubwere nawo tsiku la phunziro lotsatira.